Kutsata Likangala mpaka ku thope la Chilwa

Mlongo wanga anandiimbira foni m'mamawa, mawu ake akuchita kuonetsa kuti sanagone. Mwana wake wamkazi, amene akuphunzira za zamoyo ku yunivesite ku Zomba, anali atamuuza kuti akufuna kutsika ndi mtsinje wa Likangala kuyambira kuphiri mpaka ku nyanja ya Chilwa, akutunga madzi m'timabotolo. "Achimwene, kodi ku Zomba mipopi yauma kuti mwana achite kukatunga madzi pabwato? Pitani mukamuperekeze." Kwathu ku Nkhotakota mwini mbumba sakana ntchito yotere. Ndinalongedza malaya awiri ndi juzi imodzi, imene mayi a kunyumba anachita kundikakamiza, n'kukwera minibasi ya ku Salima, ina ya ku Balaka, inanso yodzera pa Liwonde. Ndinafika ku Zomba dzuwa litapendeka, msana ukudandaula. Munali mu Okutobala, mwezi umene munthu amatuluka thukuta ngakhale ali chikhalire pamthunzi.

Mwanayo anandichingamira pa depoti. Anandilandira chikwama ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira kwawo, koma zimene anandionetsa titafika kumene amakhala sizinali za kwawo ayi: kaukonde kooneka ngati chisoti chosongoka, kansalu kake kosalala kuposa neti ya udzudzu, kumapeto kwake atamangirirako kabotolo. Panalinso galasi lokulitsa zinthu, ndi kalata ya aphunzitsi ake. Ine ndinabadwira pakati pa makoka ndi zilimira, ndiye ndinaseka. "Iwe, ukonde umenewu ungagwire chiyani? Ngakhale kasawala sangalowemo." Iye anangoti, "Mukaona mawa, amalume."

Kutacha tinachita hayala kagalimoto kokwera kuphiri. Woyendetsa anayamba ndi mtengo woti munthu n'kugulira mbuzi yaing'ono, koma atamva kalankhulidwe kathu anatsitsa yekha, amvekere, "Ndimayesa ndinu alendo a ku Ku Chawe." Msewu wake ndi wokhotakhota ngati njoka yothawa moto. Pamene ife tinkakwera, amayi ankatsika, mitolo ya nkhuni za paini yaitali kuposa eni ake ili pamutu, akuthamanga pang'onopang'ono chifukwa katundu wotere salola munthu kuyenda modekha pamtsetse. Amuna ena ankatsitsa nkhuni panjinga, atazisanja mpaka pamwamba pa mutu, phazi limodzi likukhwekhwereza pansi m'malo mwa buleki. Palibe amene anaima kuti atipatse moni, ndipo sindinawaone ngati amwano. Kwathu munthu wosenza mtanga wa chinangwa amatha kuima n'kufunsa za ana ako onse mmodzimmodzi, koma kwathu n'kwachidikha. Pano ukaima, mtolo ukupitirira wokha.

Pamwamba anyamata anatithamangira ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi achikasu. Kambale kamodzi mtengo wake unali wofanana ndi mulu wa usipa wodyetsa banja lonse. Ndinagula kamodzi kuti ndilaweko, ndipo ndinene zoona, chipatso chimenechi n'chokongola kuposa kukoma kwake. Bola masuku.

Chimene sindinayembekezere ndi kuzizira. M'tauni tinasiya anthu akudzipepesa ndi makatoni, koma kuno, pansi pa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndinavala juzi ija n'kuthokoza amene anandikakamiza. Nsonga yaitali ya phirili imapitirira mamita 2,000. Mulunguzi ndi umene umamwetsa mzinda wa Zomba, ndipo ukatsika phiri umakathira mu Likangala, choncho mwanayo anati ulendo wathu uyambire pamenepa. Pa mathithi a Williams anaviika kaukonde kaja m'madzi othamanga, nadikira, nakweza kabotolo kuloza kuwala. Munali timasamba, timchenga, ndi kamphutsi kamodzi kamene kanakokoloka pamwala. "Ndinanena ine," ndinatero. Iye sanakhumudwe. Anati n'zimene amayembekezera, pakuti tizilombo timene akufunato sitingakhale m'madzi othamanga. Tilibe mphamvu yolimbana ndi mkokomo. Dzina lake lenilenilo, pulankitoni, linachokera ku mawu a Chigiriki onena chinthu chongoyendayenda, chopita kumene madzi afuna. Timafuna madzi odekha: dziwe, damu, nyanja.

Pa damu la Mulunguzi anaonetsa kalata ija, ndipo anaponya kaukonde n'kukakoka pang'onopang'ono ndi chingwe kangapo. Atandipatsa kabotolo ndinaona madzi oyera basi. "Musayang'ane madziwo, amalume. Yang'anani chimene chikudumpha." Ndinatsinzina diso limodzi. Kenaka ndinakaona: kadontho kotuwa, kochepa kuposa njere ya chitowe, kakuima, n'kudumpha, n'kuimanso. Pagalasi lokulitsa kanaoneka bwino. Thupi ngati kambewu ka mpunga kosongoka kumchira, tinyanga tiwiri titalitali totambasuka ngati munthu wopingasa nkhafi pabwato, ndi diso limodzi lokha pakati pa mutu. Kameneka ndiye kopepodi. Mwanayo anati dzinali nalonso ndi la Chigiriki, ndipo limatanthauza miyendo ya nkhafi, chifukwa timiyendo take timapalasa madzi tonse pamodzi. Ndi mbale wake wa nkhanu, ngakhale nkhanu itamva ingakane ubalewo. Kamadya ndere zosaoneka ndi maso zoyandama m'madzi, ndipo iko kamadyedwa ndi tiana ta nsomba.

Ndinakhala pamwala, manja ali m'khwapa, n'kudandaula za mphepo. Mwanayo anaseka. Anati kuzizira kwa pa Zomba n'kwamasewera, ndipo akuluakulu a mtundu wa kachilombo kameneka amakhala kumene madzi a m'nyanja amaundana n'kukhala mwala. Tikudya mbatata yootcha imene tinagula kwa mayi wina pamsewu, anandifotokozera za kumeneko, ndipo zina ndinadzawerenga ndekha m'mabuku ake usiku.

Kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku nyanja ya Arctic ndi nyanja ya pakati pa Greenland ndi zilumba za Svalbard, kuli kopepodi wotchedwa Calanus hyperboreus. Poyerekeza ndi wathu wa pa Mulunguzi ndi chimphona, chifukwa amafika kukula kwa njere ya mpunga. Kumeneko dzuwa likalowa chakumapeto kwa Okutobala silionekanso mpaka mu Febuluwale. Popanda dzuwa ndere sizimera, ndipo popanda ndere kulibe chakudya. Dzuwa likabwerera, madzi oundana n'kuyamba kusungunuka, ndere zimabuka zambirimbiri kwa masabata owerengeka okha. Pamenepo kachilomboka kamadya usana ndi usiku, ndipo zimene kadyazo kamazisandutsa mafuta n'kuwasunga m'kathumba ka m'thupi mwake, mpaka mafutawo kupitirira theka la thupi lonse ukachotsapo madzi. Kakakhuta kamamira. Kamatsika mamita 1,000, kwina mpaka 2,000, mumdima wosaonako kanthu, m'madzi ozizira pafupifupi kufika poundana, n'kukangoti duu, osadya, osayenda, kwa miyezi 8 kapena kuposerapo. Takatakazi timaikira mazira komweko nyengo ya mdima isanathe, ndi mphamvu ya mafuta omwe aja, ndipo mazirawo amayandama okha kukwera pamwamba kuti ana akaswe chakudya chili pafupi kubuka. Kamodzi kamatha kukhala zaka 3 kapena 4 kakukwera ndi kutsika chotere, pamene abale ake a m'madzi ofunda ngati athu amabadwa, kukula ndi kufa m'masabata ochepa. Kumwera nakonso, ku nyanja yozungulira Antarctica, kuli wina wotchedwa Calanoides acutus amene amachita chimodzimodzi.

Ndinati, "Ndiye kuti nkhokwe yake ili m'mimba." Mwanayo anavomera, nawonjeza kuti nkhokwe imeneyo ndi imene imadyetsa dera lonselo. Nsomba za kumeneko, mbalame za m'nyanja, ngakhale namgumi wotchedwa bowhead, amene amatha kukhala ndi moyo zaka 200, onse amadalira mafuta a kachilombo kameneka. Chinyama chachitali kuposa basi chimangoyasamula kukamwa n'kumasefa madzi kuti chipeze tinthu tonga njere za mpunga. Ndinaganiza za mwezi wa Febuluwale kumudzi, pamene nkhokwe yapepuka, chimanga chili m'munda koma sichinakhwime, akulu n'kumauza ana kuti agone msanga. Kugona ndi njira yakale yonyengera njala. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikagona njala imatidzutsa pakati pa usiku.

Masana tinatsikira m'tauni, kumene Likangala amasanduka mtsinje wa anthu. Pafupi ndi msika wa Mpondabwino tinaima pamlatho. Madzi anali ochepa, akuyenda mwaulesi pakati pa miyala. Amayi ankachapa, kumtunda pang'ono anyamata akutsuka njinga zamoto, ena ali m'madzi mpaka m'mawondo akuwola mchenga ndi mafosholo n'kuunjika milu pagombe kudikira malole. Timapepala ta pulasitiki tinali titakodwa m'mabango ngati mbendera. Mayi wina atationa tikutunga madzi m'botolo anaimika kuchapa. "Mwaswera bwanji, bambo? Amenewo musamwe." Nditamuuza kuti ndi za sukulu, anati, "Basi mukalembe kuti ife sopo akutidulira." Anthu a ku Zomba amalankhula mofewa, mawu akukoka pang'ono kumapeto, ndipo m'chiganizo chimodzi umatha kumvamo Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Ine ndikatsegula pakamwa ankadziwiratu kuti ndine wa kunyanja ya uko.

Usiku ndinagona kwa Chikanda, kumene ophunzira ambiri amachita lendi. Tinadya nsima ya mgaiwa, nandolo, ndi matemba okazinga ndi tomato. Ndinafunsa ngati kondowole amapezeka, ndipo mayi wophikayo anandiyang'ana ngati ndapempha nyama ya ng'ona. Matemba ndi okoma, koma ali ndi kakuwawa kake kumutu kamene usipa ulibe. Mwanayo ananyamula limodzi ndi zala nati, "Mawa tikaona chimene ili linadya."

Ulendo wa ku Kachulu ndi wa makilomita pafupifupi 30. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, titakambirana mtengo kwa nthawi yaitali ndithu. Wakabaza wanga anati mafuta akwera, ine ndinati penshoni sinakwere, ndipo tinakumana pakati. Tinadutsa Matawale ndi ku Ndege, tara n'kutha, fumbi n'kuyamba. Phiri la Zomba linatsalira kumbuyo likuchita buluu, kutsogolo dziko lili see, phiri la Mpyupyu litaima lokha ngati chulu. Njinga zakapalasa zinkabwera motsatizana kuchokera kunyanja, zitasenza madengu a nsomba zouma, fungo likutsogola. Pa Govala tinaima kumwa thobwa, ndipo agogo ena amene anakhala pakhonde la sitolo anandipatsa moni wa Chiyao. Ndinayankha mophotchola, onse n'kuseka, agogowo n'kundigwira dzanja nthawi yaitali ngati tinadziwana kale.

Kumunsi kuno Likangala amagawidwa m'ngalande za sikimu ya mpunga, imene inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Tinapatuka kuti mwanayo atungeko madzi a m'ngalande ndi a m'munda mmene munali madzi odikha. Kabotolo ka m'mundamo kanali ndi tizilombo tambiri kuposa ka pa damu lija. Mlimi wina anatiuza kuti miyezi ino madzi amachita kulandirana, ndipo a kumunsi amakangana ndi a kumtunda. Mtsinje umene tinauona ukudumpha pamiyala kuphiri unafika kuno utatopa, aliyense atapatulako gawo lake.

Pa Kachulu mphuno ndi imene imayamba kufika. Utsi wa milamba yowamba, matemba oyanikidwa pa matandala, thope, mafuta a injini. Mabwato a matabwa anali ndandanda, ena akupakira matumba a ufa ndi makireti opita ku chilumba cha Chisi, chimene chimaoneka chapafupi ndi mapiri ake. Matemba amagulitsa pa chigoba cha malita 5, ndipo mayi wina wogula zokagulitsa ku Limbe ankakanikiza nsombazo ndi chikhatho kuti zilowe zambiri, mwini wake akukuwa kuti, "Mayi, mukuswa katundu!" Panalinso mbalame za m'madzi zokazinga, zimene anthu a kuno amasaka m'mabango. Kwathu gombe ndi mchenga woyera, madzi oonekera pansi, mafunde akumenya. Kuno nyanja imayamba mosadziwika bwino: thope, kenaka njedza, kenaka madzi otuwa ngati phala la mgaiwa. Ndinalawa kadontho, n'kumva kamchere konga chidulo. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe, Thondwe, Sombani ndi ina yonse imangothiramo, ndipo madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsala.

Tinapeza bambo wina wa bwato, wa imvi za apo ndi apo, amene anavomera kutitenga. Sanagwire nkhafi. Anaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali, akuizika pansi n'kukankha. Tinadutsa mu kanjira ka pakati pa njedza, n'kutulukira poyera pamene tsidya silioneka. Ndinayembekeza kuti tsopano ayika nsungwi pansi, koma ayi, inkagundabe thope. Ine ndinazolowera nyanja imene ukangochoka pagombe pang'ono pansi pamasowa, imene kumpoto kwake imazama mamita 700. Kuona munthu ali pakati pa nyanja akuyenda ndi ndodo ngati nkhalamba ya pamsewu kunandiseketsa. Iye anati, "Musaidelere, bambo. Mphepo ikabwera, yosazamayi ndi imene imagubuduza bwato msanga."

Mwanayo anaponya kaukonde, bwato likuyenda pang'onopang'ono. Atakakweza, kabotolo sikanafunenso galasi. Munali phala lamoyo, tinthu tikunyanyuka, tina tikudumpha, tina tikuzungulira. Anatsanulira m'mbale yoyera n'kuyamba kutchula maina ngati akuitana ana a sukulu: Tropodiaptomus kraepelini, kopepodi wa m'nyanja muno, Diaphanosoma excisum ndi Daphnia barbata, tamtundu wina tonenepa timene timadumpha ngati utitiri, ndi Moina, amene amapirira madzi akayamba kuwawa mchere. Bambo wa bwato anasiya nsungwi n'kubwera kudzasuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali pagalasi. "Achemwali, timeneti ndi nsabwe za m'madzi. Timatiziwa. Tikachuluka, matemba amanona." Anali asanationepo diso ndi miyendo, koma ntchito yake ankaidziwa kuposa ine. Matemba, amene pamodzi ndi makumba ndi milamba ndiwo chuma cha nyanja ino, amadya tizilombo timeneti makamaka akali aang'ono. Pa zaka zabwino Chilwa wakhala akutulutsa matani oposa 20,000 a nsomba, nyanja yoyenda ndi ndodo yomweyi.

Ndinayamba kuona kuti nane kwathu ndakhala ndikudya tizilombo tomweti moyo wanga wonse, kungoti timadzera m'mimba mwa usipa ndi utaka. Ngakhale nkhungu, zimene zimafuka panyanja ngati utsi ndipo anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amaziumba zitumbuwa, mphutsi zake zimakhala m'madzi zikudya makopepodi. Masana zimabisala pansi, usiku zimakwera. Kukwera ndi kutsika kumeneku kumachitika m'nyanja zonse za padziko: mdima ukagwa tizilombo timabwera pamwamba kudzadya, kukacha timathawira pansi kuopa maso a nsomba. Akatswiri anapeza kuti ku Arctic, m'miyezi ija yopanda dzuwa, timene sitinagone timatsata kuwala kwa mwezi, ukawala kwambiri timatsika. Msodzi aliyense wa usipa amene amayatsa nyali pa mdima n'kupuma mwezi ukakhala pamutu angamve nkhani imeneyi popanda womasulira. Chimene tizilombo ta m'nyanja ya Malawi sitingachite ndi kukagona pansi penipeni, chifukwa kupitirira mamita ngati 250 madzi ake alibe mpweya wopuma. Kumadzi oundana kuja, madzi ozizira a pamwamba amalemera n'kumira, kutengera mpweya pansi, n'chifukwa chake kogona kuliko.

Tinadutsa pafupi ndi zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama. Munthu amakhala mmenemo miyezi, akuphika, kugona, kusamba ndi kumwa pamadzi omwewo. Mnyamata wina anatikweza dzanja ali ndi poto wa nsima. Apa nkhope ya mwanayo inasintha. Anati tizilombo tomwe tikutitamati tili ndi mbali ina. Ku Bangladesh, katswiri wina wa ku America, Rita Colwell, ndi anzake anapeza kuti majeremusi a kolera amakakamira pa zikamba za makopepodi, ndipo kopepodi mmodzi amatha kunyamula zikwizikwi. Anaphunzitsa amayi a m'midzi kusefa madzi ndi nsalu yawo yakale ya sari yopindidwa kanayi, ndipo odwala kolera anatsika pafupifupi ndi theka. Ku Chilwa kolera ndi mlendo wobwerabwera, ndipo mu 2016 boma ndi mabungwe anachita kupita ndi mabwato kukapereka katemera wakumwa kwa asodzi a m'zimbowera. Bambo wa bwato anati amakumbukira, iye analandira nawo. Mwanayo anavula chitenje chimene anamanga m'chiuno, nachipinda kanayi, nathirapo madzi a m'mbale muja. Pansalu panatsala ufa wotuwa ukunyanyuka. "Izi sizilowa m'malo mwa kuwiritsa kapena kuthira kolorini," anatero, "koma onani zimene munthu amameza." Bamboyo anapukusa mutu, nati nsalu ali nayo mkazi wake kumtunda, m'chimbowera mumakhala amuna okhaokha.

Pobwerera ndinamufunsa za kuuma kwa nyanja. Analoza ndi chibwano kumene tinachokera. Anati mu 2018 pamene tikuyandama pano panali fumbi, mabwato atagona chammbali pa nthaka yong'aluka, anthu akupita ku Chisi wapansi. Mu 1995 zinali chimodzimodzi, ndipo bambo ake ankamusimbira za 1968. Kenaka Namondwe Freddy atabwera mu 2023 madzi anadzaza mpaka kulowa m'nyumba za pagombe. "Nyanja ino ndi ya mwezi ndi mwezi ngati malipiro," anatero. "Ikauma ena amapita ku Malombe, ena ku Mangochi, ena ku Chiuta. Ena amalima mpunga pomwe panali madzi. Ine ndinakhala, ndinkaotcha njerwa." Nsomba nazo zili ndi kothawira. Zimatsalira m'maiwe a mitsinje ngati Likangala ndi m'zithaphwi za m'madambo, ndipo n'chifukwa chake pa chilala cha 1995 mafumu ndi a zausodzi analetsa kuthira katupe wophera nsomba m'maiwemo, kuti mbewu isathe.

Nanga tizilomboti, topanda mapiko, tosatha kukwera mtsinje, timapita kuti? Funso limeneli ndi limene linabweretsa mwanayo kuno. Kuyambira mu 1966 akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi mayi wina wophunzitsa za nyama, Margaret Kalk, anayamba kafukufuku wa zaka 10 pa nyanja ino. Nthawi imeneyo Chancellor College inali isanasamukire ku Zomba, inali ku Chichiri, ndiye ankachita kuchokera ku Blantyre. Mwamwayi wa ofufuza, womwe unali tsoka la asodzi, nyanja inauma ali mkati mwa ntchito. Anaona madzi akuchepa, mchere ukukwera, mitundu ya tizilombo ikuzimirira umodziumodzi mpaka kutsala nthaka youma. Mvula itabwera, madzi n'kudzaza mu 1969, tizilombo tija tinabwerera, nsomba zisanachuluke n'komwe. Zonsezi zili m'buku lotchedwa Lake Chilwa limene linatuluka mu 1979. Chinsinsi chili m'thope. Zinthu zikayamba kuipa, tambiri mwa tizilomboti timaikira mazira a mtundu wina, a chikamba cholimba, amene amagwera pansi n'kukwiririka. Mazira otere amapirira dzuwa, mchere ndi fumbi, ndipo amatha kudikira zaka.

Ndinakhala chete kwa kanthawi, nsungwi ikuti tchubwi, tchubwi kumbuyo kwanga. Wa ku Greenland uja mdani wake ndi mdima, ndipo amadziwa tsiku limene udzafike chaka chilichonse, choncho amanona n'kumira yekha, mwini wake, kukadikira pansi. Wa ku Chilwa mdani wake ndi dzuwa, ndipo sadziwa kuti lidzapambana chaka chiti. Pansi poti n'kuthawirapo palibe, nsungwi imafikapo. Ndiye mwini wake amafa, n'kusiya ana m'dothi. Ndikayang'ana anthu a pa Kachulu ndinaona kuti akhala akuyesa njira zonse ziwiri, ndi yachitatu yomwe, yonyamula ukonde n'kupita kwina. Sindikunena kuti munthu ndi nsabwe ya m'madzi. Dzira la m'thope silifuna fizi, ndipo silidwala pamene likudikira. Komanso zimene zinkachitika kamodzi pa m'badwo, bamboyu waziona kawiri ndi maso ake, mitengo ya kuphiri kumene mitsinje imachokera ikutsika pamitu ya amayi aja tsiku ndi tsiku. Kumadzi oundana nakonso akuti chipale chikusungunuka msanga kuposa kale, ndipo ofufuza akuda nkhawa kuti ndere zingamabuke ana a kopepodi asanafike.

Titatsika m'bwato ndinamulipira bamboyo, iye n'kutiwonjezera milamba iwiri yowamba, akuti ya mayi ake a mwanayu. Kwathu msodzi amapatsa mlendo nsomba yaiwisi, ya lero. Kuno mphatso ndi youma, yoti ikafike kutali. Mwanayo sanapite ku njinga msanga. Anayenda chakumbali kumene madzi anaphwera miyezi yapitayo, nthaka itang'aluka ngati mbale yosweka, natola zibuma zitatu n'kuzikulunga m'pepala. Wakabaza anafunsa ngati ndi dothi lodya amayi oyembekezera. Chibuma chimodzi anandipatsa ine, nati ndikachiike m'botolo, ndikathiremo madzi a mvula kapena a pachitsime, osati a pampopi, n'kuliika pawindo.

Ndinafika nacho ku Nkhotakota chitasweka pang'ono m'chikwama, pakati pa juzi ndi milamba. Mayi a kunyumba anati ndapita ku Zomba kukatenga dothi ngati kuno latha. Ndinachita monga anandiuzira. Tsiku loyamba madzi anali matope okhaokha. Lachiwiri anadikha. Masiku otsatira ndinkasuzumira m'mawa uliwonse ndisanasukusule, adzukulu akundiseka, osaona kanthu. Tsiku lina, sabata isanathe, kamdzukulu kanga kakang'ono, kamene maso ake ndi akuthwa kuposa anga, kanaitana kali pawindo.

"Agogo, m'botolo mwanu muli chinthu. Chikudumpha."